Zojambula zathu za pa kompyuta zikufera m'makatoni

Tayesani kufunsa munthu aliyense wa mu Harare muno amene anali mnyamata kapena mtsikana zaka za m'ma 2000 kuti amakumbukira chani za nthawi ya nyimbo za achinyamata zija za urban grooves, akutchulirani oyimba onse mpaka ndi malo amene anavinira. Ndiye mumufunse kuti nanga chikuto cha CD ija anapanga ndani, chija chinali ndi zilembo za golide, galimoto yoduliridwa kuchokera mu magazini ndi malawi a moto kumbuyo kwa woyimbayo. Zii. Ngakhale oyimba eni akewo ambiri anaiwala, amangoti kanali kamnyamata kena ka mu tauni. Ine ndinali m'gulu la tianyamata timeneto.

Kwa amene simundidziwa, ndine wa ku Mufakose, wobadwira konkuno. Agogo anga aamuna ndi aja anachoka ku Ntcheu nthawi ya Mthandizi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya nkutchona, ndiye Chichewa changa ndi cha m'nyumba, cha ku CCAP ndi cha pa maliro, mukaona penapake chapendekera ku Chishona musadabwe. Ntchito ya dizaini ndinaiphunzira choimirira kumbuyo kwa achimwene ena amene anali ndi kashopu kopirinta cha ku Market Square, kumangoyang'ana dzanja lawo pa mouse tsiku lonse ndikumatumidwa kukagula mapepala. Sukulu yeniyeni ya zimenezi inalipo, a Saki Mafundikwa anatsegula ZIVA mu 1999 mu Harare momwemuno, koma ambirife sitinafikeko, tinaphunzirana tokhatokha.

Ntchito inachuluka kwambiri lamulo la 2001 litabwera, lija loti ma wailesi aziika nyimbo za konkuno zokwana 75 pa 100 zilizonse. Mwadzidzidzi mnyamata aliyense amene anali ndi maikolofoni ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya Fruity Loops m'chipinda chake anali woyimba, ndipo woyimba amafuna chikuto, amafuna posita, amafuna flyer ya show. Ife tinali ndi CorelDRAW ndi Photoshop pa ma Pentium otopa, zonse zokopera tisanamizane, CD imodzi inkazungulira tauni yonse nambala yake italembedwa ndi maka pamwamba. Ndipo sikuti zinali nyimbo zokha ayi, ndalama yeniyeni inali ku ma pulogalamu a maliro, makadi a ukwati, makalendala a mpingo, ziphaso za ma burial society a anthu akwathu, ndi maposita a oyimba nyimbo za sungura aja ankamatidwa pa makoma ndi pa mitengo kuyambira ku Mbare Musika mpaka ku Machipisa. Palibe amene ankasaina. Kasitomala walipira, akufuna nambala yake ya foni pamenepo osati dzina lako, ndipo iwenso sunkaganiza kuti ukupanga luso, unkaganiza za ndalama ya kombi yobwererera kunyumba.

Lero mafayilo onse aja ali kuti? Ena tinawotchera pa ma CD-R otchipa, ndipo CD yowotcha wekha ndi yosiyana ndi ya ku fakitale, data yake imakhala pa kautoto kopyapyala kamene kamafa ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, moti mukayang'anitsa pa kuwala mumaona timabowo kapena siliva wake akusendeka m'mphepete. Ena anali pa ma hard drive amene anapsa ndi kuthimathima kwa magetsi. Mu 2005 nyumba za kuseri ndi timashopu tambiri zitagwetsedwa anthu anasamuka mothamanga, amene ananyamula kompyuta ananyamula, koma makatoni a ma disiki ankaoneka ngati zinyalala. Kenako 2008, ndalama itasanduka mapepala, theka la anzanga linapita ku Joni ndi ku Gaborone, ndipo munthu akamapita amagulitsa kompyuta, wogulayo chinthu choyamba ndi kufomata. Basi zaka zonse zija za mmene mzinda uno unkaonekera pa makoma ake zinapita choncho, popanda ndi mmodzi yemwe amene anachita dala.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi anthu ena a kutali kwambiri amene anayamba ngati ife, mwina moyipa kuposa ife, koma zawo zilipo mpaka lero.

M'zaka za m'ma 1980 ku Europe, maka ku Finland, Sweden, Germany ndi maiko oyandikira, anyamata ankathyola chitetezo cha ma gemu a Commodore 64 kuti azikoperana. Kompyuta imeneyi inatuluka mu 1982 ndipo memory yake inali 64 KB yokha. Akathyola gemu ankaika kachithunzi koyendayenda ndi kanyimbo koyambirira kwake, kungofuna kudzitama kuti ndife tathyola, nkulembapo maina awo oserewula ndi moni kwa anzawo. Pang'onopang'ono kudzitama kuja kunakula kuposa kubako, ena anasiyiratu za ma gemu nkumangopikisana kuti ndani angaichititse kompyuta zinthu zimene ngakhale opanga ake sankaganiza kuti ingathe. Kompyuta ina ya Commodore yotchedwa Amiga itabwera mu 1985 zinafika pena. Zimenezi amazitcha demoscene, ndipo mpaka pano amakumana, ku Finland kuli msonkhano wa Assembly kuyambira 1992, ku Saarbrücken ku Germany kuli Revision nthawi ya Pasaka. Pali mpikisano wina woti zithunzi zoyenda, nyimbo ndi zonse zikwane mu fayilo ya ma byte 65,536, chithunzi chimodzi cha pa foni yanuyo ndi chachikulu kuposa pamenepo kambirimbiri. Amatha chifukwa mu fayilomo mulibe vidiyo, muli masamu ouza kompyuta kuti ijambule ndi kuimba yokha nthawi yomweyo mukuonera.

Ku America ndi ku Canada kunali abale awo a ANSI art. Intaneti isanafale anthu ankaimbira kompyuta ya mnzawo pa lamya ya m'nyumba kudzera pa modem, zotchedwa BBS, ndipo laini yake inali yochedwa moti chithunzi chenicheni sichikanadutsa bwino, ndiye ankajambula ndi zilembo ndi timabokosi ta pa sikirini, malo 80 m'mbali, mitundu 16 basi. Magulu ngati ACiD ndi iCE ankasonkhanitsa zimene mamembala awo ajambula mwezi umenewo nkuzitulutsa pamodzi mu fayilo imodzi ya zip, mwezi ndi mwezi. Ndiye apa ndi pamene ine ndimagwira mutu. Mu 1994 a ACiD anapanga kanthu kotchedwa SAUCE, ma byte 128 omatidwa kumapeto kwa fayilo, m'menemo mumalembedwa mutu wa chojambulacho, dzina la wojambula, gulu lake ndi deti. Tangoganizani, ambiri a iwo anali ana a sukulu ogona kwa makolo awo, koma anaona kuti fayilo ikamayenda dzanja ndi dzanja dzina limagwa panjira, ndiye analisokerera mkati mwa fayilo momwemo. Lero mukapita pa webusaiti ya 16colo.rs mumapeza mafayilo a zip aja atandandalikidwa chaka ndi chaka, gulu ndi gulu, mukhoza kutsata munthu mmodzi kuyambira ali wophunzira mpaka dzanja lake litakhwima.

Kampani ya Commodore inagwa mu 1994, ma BBS anafa intaneti itabwera, koma ntchito zija sizinafe nawo. Eni ake anazikopera kuchoka pa ma floppy, anazisunga pa webusaiti ya scene.org, anakhala pansi kulemba pa ma webusaiti a Demozoo ndi CSDb kuti ichi anapanga uje, chinaonetsedwa pa msonkhano wakuti, chinapeza nambala yakuti. Ena analemba ma pulogalamu ngati VICE, WinUAE ndi DOSBox opangitsa kompyuta ya lero kuchita ngati yakale ija kuti zinthu zizitseguka. Zonsezi ankachita usiku akaweruka ku ntchito, popanda malipiro, zaka zambiri boma lililonse lisanadziwe nkomwe kuti iwo alipo. Maboma anabwera pambuyo, Finland inalemba demoscene pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lawo mu 2020, Germany mu 2021, pansi pa pangano la UNESCO lomwe lija lokhudza chikhalidwe chosagwirika ndi manja. Ndi pangano lomwelo limene Gule Wamkulu alimo, ngakhale kuti gule ali pa mndandanda wa dziko lonse lapansi, anazindikiridwa mu 2005 m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Zimbabwe palibepo, pomwe zilombo zimatuluka ku Mufakose, ku Mbare ndi ku Dzivarasekwa ife tikuona ndi maso athu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Anthu akamakamba zopulumutsa zojambula za pa kompyuta amakonda nkhani ya Andy Warhol, wojambula wotchuka wa ku America. Mu 1985 a Commodore anamupatsa Amiga, anajambulapo zinthu zingapo, anamwalira mu 1987, ma floppy ake anakhala zaka ku museum yake ku Pittsburgh palibe wowatsegula. Wojambula wina, Cory Arcangel, ataona kavidiyo kakale ka Warhol ali pa Amiga anayamba kufunsa, kenako kalabu ya makompyuta ya ku Carnegie Mellon University inagwira ntchito yotulutsa zithunzizo ndipo analengeza mu 2014. Nkhani yokoma, koma ine simandilimbitsa mtima, imandiopsa. Ngati za Warhol, munthu wa museum yakeyake, zinakhala pafupifupi zaka 30 osatsegulidwa, nanga za mnyamata wa ku Glen Norah amene anapanga chikuto cha kwaya ya Mvano? Palibe yunivesite imene idzabwere kudzafunsa katoni yake. Chitsanzo chotiyenera ife ndi cha ana a ANSI aja.

Ndikayamba nkhani imeneyi kwa achinyamata amene akupanga ma flyer a oyimba nyimbo za Zimdancehall masiku ano amandiseka, amati mudhara, zathu zonse zili pa Facebook ndi pa Instagram, sizingasowe. Aaa. GeoCities inali ndi masamba a pa intaneti a anthu mamiliyoni, Yahoo inaitseka mu October 2009, ndipo zimene zinapulumuka ndi zimene anthu ongodzipereka ngati Archive Team ya Jason Scott ndi a Internet Archive anathamangira kukopera. MySpace inavomera mu 2019 kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kuyambira 2003 mpaka 2015, akuti posamutsa ma seva, nyimbo pafupifupi 50 miliyoni. Kampani ya Adobe inasiya Flash, pulogalamu yoonetsera zinthu zoyenda pa intaneti, pa 31 December 2020, ndipo makatuni ndi timagemu ta zaka 20 tikanafera pomwepo pakanapanda anthu a Flashpoint ndi Ruffle, nawonso ongodzipereka. Kampani imasunga chinthu chanu pamene chikuibweretsera ndalama basi. Komanso chimene chili pa Facebook si ntchito yanu yeniyeni, ndi chithunzi chake chofinyidwa, ma layer mulibe, ma font mulibe, ndipo chikadutsa pa WhatsApp kangapo zilembo zing'onozing'ono zimayamba kuchita chimbuuzi pokhapokha mutatumiza ngati document.

Fayilo imasungika ngati mbewu ya chimanga cha makolo, osati poitsekera m'nkhokwe zaka 20 koma poibzala kawirikawiri. Imayenera kumasamutsidwa kuchoka pa disiki yakale kupita pa yatsopano disikiyo isanafe, ndi kuchoka mu mtundu wa fayilo umene ukutha kupita mu umene ukutseguka lero. Ngakhale fulashi kapena SSD mukaisiya mu dirowa zaka zambiri osailumikiza ku magetsi ikhoza kuyamba kutaya data.

Wina anandiuza kuti bwanji osangopereka zonse ku National Archives, pa Borrowdale Road paja. Ndi malo ofunika, anayamba mu 1935, ndipo amene akufufuza za agogo athu a m'mafamu ndi m'migodi amapita kumeneko. Koma munthu sungapite ndi thumba la ma CD opanda dzina, opanda deti, theka lake osatseguka, nkuyembekeza kuti wina akuchitire ntchito yonse. Ndimaganiza za ku Tengenenge kufupi ndi Guruve, kumene Tom Blomefield anayambitsa zosema miyala mu 1966, ndipo ambiri mwa osema oyamba anali ogwira ntchito m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, anthu ngati a Josia Manzi ndi a Amali Malola amene mizu yawo ndi ya ku Malawi. Maina awo tikuwadziwa chifukwa panali anthu olemba kuti ichi wasema ndi uje, komanso mwala umadikira, ukhoza kukhala pa udzu zaka 50 wofufuza nkudzaupeza uli chimodzimodzi. Hard drive siyidikira munthu.

Ndiye ife ochepa amene tinatsala mu Harare tayamba kukumana Loweruka masana mu galaja ya achimwene aja anandiphunzitsa ntchito, pano ali ku Highfield ndipo maso ayamba kuwavuta. Aliyense amabwera ndi chimene wapeza pansi pa bedi. Ntchito yake ndi yotopetsa, ndisakunamizeni, palibe chosangalatsa kukhala maola ukumvera CD ikulira mu drive. Choyamba timakopera disiki yonse mmene ilili osasankha, chifukwa chimene ukuona ngati chopanda ntchito lero mwina ndi font imene fayilo ina ikufuna mawa. Ma hard drive akale a IDE timalumikiza ndi ka adaputa ka USB, ikayamba kugogoda mkati timathimitsa msanga osaikakamiza. Kenako mafayilo a .cdr timayesa kutsegula ndi CorelDRAW, akakana timayesa Inkscape kapena LibreOffice Draw zimene zimatha kuwerenga ena, ndipo lililonse lotseguka timalitulutsanso ngati PDF ndi PNG yaikulu koma loyambalo osalitaya. Vuto lalikulu ndi ma font, fayilo imatseguka bwinobwino koma zilembo zonse zasanduka Arial, kukongola konse kwathawa, ndiye ngati pali kope yopirinta timaisikana nkuiika pambali pake kuti anthu adzaone mmene zinkaonekera. Makope timasunga atatu, awiri pa ma drive osiyana, imodzi kunja kwa nyumba imeneyo, pano ili kwa asisi ena ku Chitungwiza. Zimene eni ake avomera tikufuna kuziika pa Internet Archive, kuika ndi kwaulere, chodula ndi data.

Koma chimene chimatitengera nthawi kwambiri ndi SAUCE yathu, kafayilo ka mawu kamene timaika mu foda iliyonse: anapanga ndani, chaka chanji, anapangira ndani, pa kompyuta ya ndani, anapirinta kuti. Deti ya pa fayilo siyodalirika, makompyuta athu ambiri batire ya wotchi inali yakufa ndiye umapeza posita ya show ya 2004 ikunena kuti inapangidwa mu 1980 kapena 1998. Timadalira kukumbukira kwa anthu, ndipo apa ndi pamene galaja imatentha. Posita imodzi ya sungura anthu awiri aliyense akuti ndi yanga, mpaka achimwene anachita kuitanidwa kudzaweruza, anaiyandikitsa kumaso nkunena kuti "iwe unapanga zilembo, uyu anadula zithunzi, koma mthunzi uwu ndi dzanja langa, nonse munali musanaudziwe." Tinalemba maina onse atatu. Nkhani zimene zimatuluka pa mikangano imeneyi timazijambula pa foni, chifukwa ndaona kuti nthawi zina zimaposa chojambulacho.

Pali zina zimene sitinagwirizane mpaka pano. Mnzathu wina safuna kuti ntchito zake zoyambirira zioneke, akuti ndi zonyasa, ma lens flare paliponse, mitundu yokangana, ndipo pano ali ndi makasitomala akuluakulu. Ine ndimati zonyasazo ndiye mbiriyo, Harare wa 2003 ankaoneka choncho ndipo tonse tinkaona kukongola, koma ntchito ndi yake, tasunga osaonetsa. Wina amaopa nkhani ya mapulogalamu okopera, kuti tikalemba zoona tidzionetsa ngati akuba. Anyamata a ku Europe aja sanabise kuti anayambira pa kuthyola ma gemu, zili mu mbiri yawo poyera, ndipo ine sindiona chifukwa cholembera mbiri yonama yoti mnyamata wa ku Mbare anagula laisensi ya Photoshop mu 2002.

Yovuta kwenikweni ndi ya ma pulogalamu a maliro. Tili nawo ambiri, ndipo kwa ife ana a matchona ndi chuma, chifukwa m'menemo mumalembedwa kuti malemu anabadwira mudzi wakuti, mfumu yakuti, boma la Dedza kapena Mangochi, anabwera chaka chakuti, anagwira ntchito pa famu yakuti. Mabanja ambiri alibe pepala lina lililonse lonena zimenezi, ndipo mdzukulu amene akufuna kudziwa kwawo kapena kulongosola za mapepala a unzika akhoza kupeza poyambira pamenepo. Ine maganizo anga anali oti zonse zipite pa intaneti. Amalume anga atamva anandiitana nkundikhazika pansi. "Mphwanga, maliro a eni ake ukufuna uwapachike poti aliyense aziona? Unawafunsa?" Ndinati amalume, tikapanda kutero zitayika. Iwo anati kusunga ndi kwina, kuonetsa ndi kwina, ndipo anawonjeza kuti mu ma disiki amenewo muli zithunzi zimene anthu ena anabweretsa kuti tiwasikanire, zina za ku dambwe zoti munthu wosalowa sayenera kuona, kodi zimenezonso uika? Pamenepo ndinalibe yankho, ndipo ndikuona kuti akunena zoona pa za dambwe. Pa za maliro ndikadali pakati. Pakadali pano tagwirizana kuti ma pulogalamu a maliro tikusunga pa ma drive okha, tikulemba mndandanda wa maina ndi midzi, wachibale akabwera kudzafunsa timupatsa kope yake, ndipo foda ya zithunzi zinazo amalume ndi akulu anzawo ndi amene anene chochita nayo, ife sitikuitsegula.

Chatikanika pano ndi ma Zip disk. Achimwene ali ndi jumbo yodzaza, aja a Iomega a 100 MB amene tinkanyamulira ntchito zikuluzikulu kupita nazo kokapirinta chifukwa floppy ya 1.44 MB sinkakwana kanthu, ndipo akuti ntchito zawo zabwino kwambiri za kumapeto kwa ma 1990 zili mmenemo. Drive yake tasakasaka ku Magaba ndi m'mashopu okonza makompyuta mu tauni, imene tinapeza ndi ya polumikizira pakale paja pa parallel port ndipo ikungogogoda, sitingaikemo disiki chifukwa drive yodwala choncho imatha kuwononga disiki yabwinobwino. Ngati muli ndi ya USB imene ikugwira, kaya muli ku Bulawayo, ku Lilongwe kapena ku Joni, tibwerekeni, ya basi tilipira ife ndipo tibweza.